Pulogalamu yosungira zotsatira m'labotale yoyima payokha: tiyambire pati?

Mwini labotale, Blantyre

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukugwira ntchito m'malabotale omwe si a boma ndiponso sali pansi pa chipatala. Yathu ndi yaing'ono, imalandira magazi ndi mikodzo kuchokera ku makiliniki a m'tauni muno, ndipo mpaka lero timalemba zonse m'kaundula masana n'kuzikopera mu Excel madzulo. Mwezi watha tinatsala pang'ono kupereka zotsatira za shuga kwa munthu wolakwika chifukwa odwala awiri a dzina limodzi anayezetsa m'mawa umodzi. Kodi pulogalamu ya LIMS, yolembamo masampulo ndi zotsatira za m'labotale pa kompyuta, ingathetse vuto lotere? Nanga tigule kapena titenge yaulere?

Woyeza magazi, Lilongwe

Bwana, ingathandize, koma pokhapokha mutasintha kalandiridwe ka masampulo. LIMS imapatsa sampulo iliyonse nambala yakeyake n'kusindikiza kapepala ka barcode, ndipo kapepalako kayenera kumatidwa pa chubu wodwala ali pomwepo, atatchula yekha dzina ndi tsiku lake lobadwa. Machubu anu akamabwera kuchokera ku kiliniki atalembedwa ndi cholembera chimene chimafufutika ndi chinyezi cha m'bokosi lozizira, kompyuta idzangosunga mosamala cholakwika chomwe chinachitika kale panjira. Choncho makiliniki amene amakutumizirani nawonso aziyamba ndi kapepalako.

Wokugulitsani mumufunse ngati pulogalamu yake imatha kulandira zotsatira kuchokera ku makina anu oyezera magazi kudzera mu ASTM kapena HL7, zomwe ndi njira zimene makina amatumizira zotsatira ku kompyuta, ndipo akuonetseni zikuchitikadi pa makina anuwo musanalipire. Zikapanda kulumikizana, wina azilembabe manambala pamanja, ndipo munthu wotopa salephera kulemba hemoglobin ya 18 pomwe makina anena 8.1. Pulogalamuyo izisunganso mbiri ya amene anasintha zotsatira, nthawi yake, ndi zomwe zinalipo poyamba. Mukadzafuna kuvomerezedwa pa muyezo wa malabotale a zachipatala wa ISO 15189 kudzera ku SADCAS, bungwe lovomereza malabotale m'maiko a SADC lomwe likulu lake lili ku Gaborone, mbiri imeneyi adzaifuna.

Wokonza makompyuta, Mzuzu

Zaulere zilipo ndipo si zachibwana. SENAITE inachokera ku Bika LIMS ya ku South Africa, ndipo palinso OpenELIS. Chaulere ndi laisensi yokha. Wokuikirani, wolowetsa mndandanda wa mayeso ndi malire a zotsatira, komanso wodzuka usiku ikavuta, onsewo ndi olipidwa.

Ine ndimalangiza kuti seva, kompyuta imene imasunga pulogalamuyo ndi zotsatira zonse, ikhale m'labotale momwemo kuti intaneti ikadula ntchito isaime, ndipo ikhale ndi batire ya UPS yoigwira magetsi akazima jenereta isanayake. Kope ya zonse izichoka m'nyumbamo tsiku lililonse. Ndinaitanidwapo pa labotale ina imene inkakhulupirira kuti imasunga kope usiku uliwonse, koma seva itapsa tinapeza kuti disiki inadzaza kalekale ndipo sinalembedwenso kanthu. Kamodzi pa mwezi muziyesa kubwezeretsa kopeyo pa kompyuta ina.

Namwino wa pa kiliniki, Zomba

Ine ndikulankhula ngati wolandira zotsatira zanu. Ambiri amatijambulira pepala n'kutumiza pa WhatsApp, motero zotsatira za HIV kapena za mimba zimakhala m'foni ya wantchito imene ana ake amaseweretsa kunyumba. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA ndiyo ikuliyang'anira, likukhudzanso inu. Sankhani pulogalamu imene dokotala amalowamo ndi dzina lake n'kuona za odwala ake okha, ndipo wantchito aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, osati imodzi yomatidwa pa khoma.

Mwini labotale, Blantyre

Zikomo nonse. Ndiyamba ndi makina osindikizira barcode ndi kukambirana ndi makiliniki. A ku Mzuzu, makina athu a full blood count ndi akale ndipo ali ndi malo olumikizira a serial okha; kodi amenewa angalumikizidwebe?