Ndithandizeni za Stu Hart ndi Stampede Wrestling

Abale ndi alongo okonda wrestling, ndabwera ndi funso. Ambiri tinakula tikuonera Bret Hart ndi mng'ono wake Owen, koma ine mtima wanga uli pa bambo awo, a Stu Hart a ku Calgary, ku Canada. Mu 1948 anayambitsa kampani yomwe inadzatchuka ndi dzina la Stampede Wrestling, ndipo m'chipinda chapansi pa nyumba yawo, chomwe ankachitcha Dungeon, ankaphunzitsa anyamata kugwirana ndi kupotokolana mpaka kulira. Akatswiri a wrestling Superstar Billy Graham ndi Jim Neidhart anadutsa m'manja mwawo. Komanso bamboyu analera ana khumi ndi awiri!

Chomwe chikundisowetsa tulo n'ichi: mu 1984 anagulitsa kampaniyo kwa Vince McMahon, mwini wa kampani yaikulu ya wrestling ya ku America ya WWF, kenaka banjalo linaitsegulanso mu 1985, n'kudzaitseka mu 1989. Kodi chinagwetsa ntchito ya zaka zambiri chonchi n'chiyani kwenikweni? Ndi mphamvu ya WWF pa TV, kapena ndalama zinkathera m'maulendo?

Ndipo amene muli ndi makanema akale a Stampede, makamaka a Dynamite Kid, chonde ndiuzeni komwe ndingawapeze. Ndikufuna mwana wanga awaone.