Pulagini ya mapointi yakana kutseguka pa AutoCAD 2025

Wojambula mapulani, Mangochi Boma:

Akuluakulu anzanga pantchito, ndikupempha nzeru pa vuto limene ndadzipalira ndekha. Loweruka lapitali ndinaika AutoCAD 2025, pulogalamu yojambulira mapulani, pa kompyuta yaikulu ya mu ofesi mwathu, ndipo popeza malo pa hard disk anali atachepa, ndinayamba ndachotsa ya 2023 imene takhala tikugwiritsa ntchito. Pulogalamuyo ikutseguka bwinobwino ndipo mafayilo athu a LISP, timapulogalamu tofulumizitsa ntchito, akuyenda ngati kale, koma pulagini, kapulogalamu kowonjezera kamene timalowetsera mapointi ochokera ku total station (makina oyezera malo), ikukana. Ndikalemba NETLOAD, lamulo lotsegulira pulagini, n'kusankha fayilo yake ya DLL, pakungotuluka uthenga wa zolakwika. Chachiwiri, pulani ikatuluka pa plotter, makina osindikizira mapulani, mizere yonse ikumanenepa mofanana, moti malire a puloti sakusiyana ndi mzere wa msewu. Ndili ndi mapointi oposa 600 a malo a m'mbali mwa nyanja ku Makawa, ndipo mwini malowo akufuna kukapereka pulani ku khonsolo Lachisanu. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito akuti tiike beta, pulogalamu yoyesera ya mtundu wotsatira, kuti mwina kumeneko zinakonzedwa. Ndisanachitenso china mopupuluma, ndati ndiyambe ndafunsa.

Woyeza malo, Monkey Bay:

Achimwene, beta imeneyo musaiyandikire n'komwe, chifukwa palibe chimene chawonongeka choti ikakonze. Kuyambira pa mtundu wa 2025, AutoCAD inasamuka kuchoka pa .NET Framework n'kupita pa .NET 8, ndiye kuti inasintha maziko amene mapulagini amayenderapo, ndipo mapulagini ambiri a DLL amene anapangidwira mitundu ya 2024 kubwerera m'mbuyo amafunika kuti mwini wake awakonzenso asanayende pa watsopanowu. N'chifukwa chake LISP yanu ikugwira ntchito pamene DLL ikukana, pakuti LISP siidalira zimenezo. Mitundu yobwera pambuyo pake sibwereranso ku zakale, ndiye beta ikakupatsani uthenga womwewo. Lemberani amene anakugulitsani pulaginiyo, muwafunse ngati anatulutsa ya 2025.

Injiniya wa zomangamanga, Namwera:

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Monkey Bay, koma mnyamata wanuyo musamukalipire, popeza mtima wofuna kuyesa zatsopano ndi wofunika pa ntchito yathuyi. Chimene ayenera kumvetsa n'chakuti beta ndi pulogalamu yosamalizidwa, imene eni ake amapereka kwa anthu olembetsa kuti awathandize kupeza zolakwika, ndipo woyesayo amavomereza pangano losaulula zimene waona. Imakhalanso ndi tsiku lothera. Ine ndinayesapo kamodzi, koma pa laputopu yakale imene ilibe fayilo ya kasitomala ngakhale imodzi, ndipo ndinkagwiritsa ntchito makope a mapulani amene tinamaliza kalekale.

Chimene chandidandaulitsa ine ndi kuchotsa kwa 2023 kuja. Mitundu iwiri ya AutoCAD imatha kukhala pa kompyuta imodzi popanda kulimbana, ndipo wakalewo ukakhalapo, watsopano umakufunsani pa tsiku loyamba ngati mukufuna kusamutsa zimene munazikonza, kudzera pa Migrate Custom Settings. Inu munagwetsa nyumba musanatulutse katundu. Ngati layisensi yanu ndi yolipira pachaka, lowani mu akaunti yanu ya Autodesk, chifukwa amalola kutsitsa mitundu ingapo ya m'mbuyo, ndipo mungathe kubwezeretsa ya 2023 pambali pa ya 2025.

Wojambula mapulani, Mangochi Boma:

Zikomo achemwali, mawu a nyumba aja ndawalandira. Layisensi ndi ya pachaka ndithu. Chondiopsa ndi bandulo, pakuti ya 2025 ija inadya magigabaiti angapo, ndipo magetsi atazima pakati pa ntchito ndinayambiranso. Funso lina ndi ili: mapulani awiri amene ndawasunga kale ndi 2025 adzatsegukanso pa 2023?

Injiniya wa zomangamanga, Namwera:

Adzatseguka. Mtundu wa fayilo ya DWG, imene AutoCAD imasungiramo mapulani, sunasinthe kuyambira pa AutoCAD 2018 kufika pa 2025. Mukafuna kudzionera nokha, tsegulani kope la fayiloyo ndi Notepad, musasunge chilichonse, mungoyang'ana zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira. Mukaona AC1032 ndiye kuti ndi mtundu wa 2018, pamene AC1027 ndi wa 2013. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi anzathu a Revit, pulogalamu ina ya Autodesk, chifukwa fayilo ikangokwezedwa ku mtundu watsopano palibe njira yoisungira kuti ibwerere ku wakale, ndipo ofesi yonse pamodzi ndi amene mukugawana nawo ntchito amayenera kusamuka tsiku limodzi.

Woyeza malo, Monkey Bay:

Pa ntchito ya Lachisanuyi simukufunika pulagini kapena kutsitsa chilichonse. Tulutsani mapointiwo ngati CSV, muwatsegule mu Excel, ndipo mupange danga limodzi lolumikiza mawu akuti POINT, mpata umodzi, kenako easting (nambala ya kummawa), northing (nambala ya kumpoto) ndi kukwera kwa malo, zolekanitsidwa ndi makoma (,) okhaokha popanda mipata ina. Koperani dangalo mu Notepad, musunge ndi dzina lothera ndi .scr, kenako muliyendetse ndi lamulo la SCRIPT. Musanatero zimitsani OSNAP, imene imakokera pointi pa chinthu choyandikira, apo ayi mapointi oyandikana adzakwerana, ndiponso sinthani PDMODE, imene imalamula maonekedwe a mapointi, kuti azioneka.

Chenjerani ndi dongosolo la manambala. Makina ambiri amatulutsa northing poyamba, pamene AutoCAD imayembekezera X, amene ndi easting. Kuno kwathu, mu UTM zone 36 ya kummwera, easting imakhala ya manambala asanu ndi limodzi, cha m'ma 700,000, ndipo northing ndi ya manambala asanu ndi awiri, yopitirira 8,000,000, choncho mukaona yaikulu ili kutsogolo dziwani kuti zatembenuka. Funsaninso amene anayeza ngati anagwiritsa ntchito Arc 1950 kapena WGS 84, amene ndi maziko awiri osiyana owerengera manambala a malo, chifukwa kusiyana kwake kumafika mamita mazana angapo, ndipo pa malo a m'mbali mwa nyanja kumeneko n'kokwanira kuika bikoni m'madzi kapena m'puloti ya mwini.

Katswiri wa makompyuta, Mpondasi:

Za mizere yonenepa ndi nkhani ya fayilo ya CTB, imene imauza plotter kuti utoto uliwonse utuluke ndi kunenepa kotani. Mtundu uliwonse wa AutoCAD uli ndi foda yakeyake ya Plot Styles, ndipo yanu inatsala m'foda ya 2023. Nthawi zambiri foda imeneyo imatsalira mu AppData ngakhale pulogalamu itachotsedwa, ndiye fufuzani pa C: polemba *.ctb. Mukaipeza, lembani STYLESMANAGER mu 2025, foda yoyenera idzatseguka, n'kuikamo. Chitani chimodzimodzi ndi fayilo ya PC3, yosunga makonzedwe a plotter, kudzera pa PLOTTERMANAGER. Za bandulo zija, ndili ndi inivete kuno, bwerani madzulo tidzatsitsire limodzi kamodzi kokha, tidzasunge pa fulashi kuti makompyuta enawo asadzadyenso ndalama.

Wojambula mapulani, Mangochi Boma:

Ndabwera kudzathokoza. CTB inapezeka momwe munanenera, ndipo pulani yoyesera yatuluka ndi malire ooneka bwino. Script ija, fayilo ya .scr, inakana ulendo woyamba chifukwa ndinasiya mzere wa mitu ya madanga pamwamba, koma nditauchotsa mapointi onse analowa. Northing inalidi kutsogolo. Woyeza watsimikiza kuti anagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo ndalemba zimenezo pansi pa pulani. Chimene script sinabweretse ndi manambala ndi mayina a mapointi, choncho usiku uno ndikonza ina ya lamulo la TEXT. Eni pulagini ayankha kuti ya 2025 ilipo koma ndi yolipira mwapadera, ndiye makompyuta ena atatu a mu ofesi mwathu akhala pa 2023 mpaka titamaliza ntchito ya ku Makawa. Mnyamata uja ndamupatsa laputopu yakale kuti akalembetsere beta yake. Achimwene a ku Mpondasi, ndifika cha m'ma 6 koloko ndi fulashi.