Mwana wanga akufuna unamwino wa ku UK, ayambire pati?

Admin ndibiseni dzina. Moni nonse.

Ndine mayi wa ku Mchinji, ndimagulitsa soya ndi mtedza. Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE ndi mapointi 17, mtima wake uli pa unamwino, ndipo akuti akadzamaliza akagwire ntchito ku UK. Pakhomo tagawanika. Bambo ake akuti alowe dipuloma ya zaka zitatu ku koleji ya CHAM, ayambe msanga kulandira. Ine ndikuti digiri ya ku yunivesite ya KUHeS, fizi tidzaona mmene tingachitire. Kodi a NMC, bungwe loona za anamwino ku UK, amafuna pepala liti?

Koma chimene chikundisowetsa tulo si pepala ayi. Mtsikanayu ndinamulera mmene anandilerera amayi anga. Akamayankhula ndi wamkulu amagwada, maso pansi, mawu a m'khosi. Chingerezi cholemba amachitha, koma mlendo akamufunsa kanthu, thukuta lokhalokha. Ndamva kuti pa mayeso a Chingerezi a IELTS amafuna 7 pa kuyankhula. Ulemu umene ndinamuphunzitsawu sudzamugwetsa?

Palinso bambo wina akuti timupatse ndalama amupezere ntchito ya care (yosamalira okalamba ndi odwala) ku UK, zasukulu azisiye.

Namwino wa ku Leeds, UK: Mayi, ngati angathe, digiri. Ine ndinalemba OET (mayeso a Chingerezi cha azachipatala, m'malo mwa IELTS), kenako CBT (mayeso a unamwino a pa kompyuta), OSCE (mayeso oonetsa mmene umagwirira ntchito) ndinadzalembera konkuno. Pa OSCE amaonetsetsa ngati watchula dzina lako, wapempha chilolezo usanamugwire wodwala, ndiponso ngati ukumuyang'ana. Kuno ukazolika amaganiza kuti ukubisa kanthu. Chimene chinandivuta ine n'kuitana dokotala ndi dzina lake loyamba, komanso kumuuza kuti walakwitsa mlingo wa mankhwala. Kwathu ukanayamba? Dziwaninso kuti Malawi ali pa red list, mndandanda wochokera ku bungwe la WHO wa mayiko omwe azachipatala ndi ochepa, ndiye zipatala za kuno sizibwera kudzalemba anthu kumeneko, umafunsira wekha.

Wina: Bambo wa care uja ndi wakuba, musamupatse ngakhale 1 tambala. Visa ya ntchito imeneyo anaitseka kwa ochokera kunja mu July 2025.

Mwini funso: Zikomo achemwali a ku Leeds. Nanga kuyang'ana m'masoko munaphunzira bwanji? Ndimuyambitse kuwerenga Mawu kutchalitchi, kapena ndizimuika pa benchi azitsutsana ndi ogula soya?