Kodi "mlandu suola" amatanthauza apilo kapena dipo?

Akuluakulu, ndikupempha kuti mundimasulire mwambi wakuti "mlandu suola", chifukwa kuno ku Thyolo ndaumva pakamwa pa anthu awiri otsutsana pa nkhani imodzi, ndipo aliyense akuukokera kwake.

Othyola tiyi pa esiteti ina anachotsedwa ntchito atakangana ndi mabwana pa za sikelo yoyezera masamba. Bungwe lawo linakasuma ku khoti la nkhani za ntchito, Industrial Relations Court, ku Blantyre, ndipo mlandu unawakomera, koma kampani inachita apilo ku High Court. Kapitawo wina anati mlandu suola, kutanthauza kuti wogonja ali ndi ufulu woudzutsanso kubwalo lalikulu. Mayi wina mwa ochotsedwawo, amene dengu lake lothyolera tsopano akusungiramo chimanga, anati mwambiwo umanena kuti wolakwa adzalipira ndithu, zaka zichuluke bwanji.

Chikundizunguza ndi chakuti malamulo amaika malire a nthawi. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limapereka masiku 30 okha ochitira apilo, ndipo High Court simvanso mboni mwatsopano, imangoona ngati khoti loyambalo linaphonya lamulo kapena linaweruza nkhani yoposa mphamvu zake. Nalo la Employment Act la 2000 limapatsa wochotsedwa ntchito miyezi itatu yokadandaula kwa ofisala wa zantchito wa paboma. Kodi pamenepa mlandu sukuola?

Yankho lochokera ku Luchenza:
Achimwene, mayiwo ndiwo alasa. Kubwalo la amfumu mwambiwu unkanenedwa kwa wopalamula wozemba dipo. Munthu akathawira ku Joni asanapereke mbuzi imene anagamulidwa, ankaipeza ikumudikira pobwera, ndipo akamwalira, abale ake ankaipereka. Sunali wopatsa wogonja mpata wozengereza.

Yankho lochokera ku Chitakale:
Ine kapitawoyo sindimutaya kotheratu, bambo. Kale wosakhutira ndi chigamulo cha nyakwawa ankapita kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu, ndipo apilo imatetezanso wantchito pamene khoti lamulakwira. Koma kumeneko nkhani inkakambidwanso yonse kuyambira pachiyambi, pomwe High Court imasiya umboni momwe ulili. Kusiyana kwina ndi kwakuti wodikira mbuzi ankalima munda wake, pamene wodikira apilo wachoka kale m'nyumba ya kampani ndipo malipiro anaima. Mwina a ku Phalombe ndi ku Chiradzulu atiuze ngati kwawo mwambiwu unkanenedwanso kwa wosuma.