Ndingakaone kuti ntchito za ojambula athu a masiku ano?

Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru: ndikufuna kudziwa ojambula ndi osema a masiku ano a kuno kwathu, komanso malo oti ndikaone ntchito zawo ndi maso, osangoti pafoni.

Amene ndikuwadziwa ndi awiri okha, onsenso ali kunja. Wina ndi Samson Kambalu, yemwe chosema chake cha John Chilembwe atavala chipewa chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Winayo ndi Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre koma wokhala ku Johannesburg. Mayi ameneyu amasoka pamanja tizidutswa ta nsalu ya silika mpaka kutuluka chithunzi cha zapakhomo, ngati mwana ali mtulo. Zoterezi ndiye zimandigwira mtima.

Pa Facebook ndafufuza, koma ambiri ndi ojambula nkhope ndi pensulo pa oda. Ogulitsa ziboliboli m'tauni ali ndi zomwezomwezo: dzuwa likulowa panyanja, amayi atasenza mitsuko. Ku Kungoni, ku Mua, ndinafikako. Zosema n'zokongola zedi, kungoti zambiri n'zachikhalidwe ndi zachipembedzo.

Ndimakhala ku Lilongwe, koma ku Blantyre ndimapitapita. Kodi zionetsero zimachitikira kuti, ndipo mumazimva bwanji? Nanga ndi achinyamata ati amene ndiyambe kuwatsatira? Kachithunzi kakang'ono kopenta pamanja ndikonzekere ndalama zingati?