Chona wa agogo wakana kudya, lero tsiku lachitatu

Wothandizira za ziweto, Kapata:
Anzanga, ndigawireniko nzeru. Agogo ena akuno atisiyira chona wawo wamkazi wa zaka 14. Ana awo awatengera ku Lusaka chifukwa cha matenda, ndipo mwini nyumba kumeneko safuna nyama. Aneba onse anamukana, mukudziwa kale zimene anthu amanong'ona za nkhalamba yoweta chona. Lero ndi tsiku lachitatu osadya. Wangodzipinda kuseri kwa thumba la gaga. Akanunkhiza kapenta dovu limachucha, kenako n'kutembenuka. Madzi okha ndiwo akumwa kwambiri. Ndimuphwanyireko Panadol?

Dokotala wa ziweto, Chipata:
Ayi achemwali, musayerekeze n'komwe! Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol wa mu Panadol, kachidutswa kokha kamatha kupha. Komanso masiku atatu achuluka. Mphaka akasala chakudya chonchi mafuta amaunjikana m'chiwindi, vuto lina pamwamba pa linzake. M'kamwa mwayang'anamo?

Wa ku Kapata:
Ndayang'ana. Nkhama zafiira psuu, dzino lina lakumbuyo lakutidwa ndi zachikasu zolimba ngati mwala. Fungo lake ndiye losanena.

Mkulu wa ku Katete:
Mundikhululukire ana anga, ine ndinena mosabisa. Wobwera kudzapempha chona amafuna kamwana kogwira makoswe m'nkhokwe. Wa zaka 14 adzamutenga ndani? Mudzamudyetsa mpaka liti? Mwina jakisoni womugoneka osadzukanso ndiye chifundo.

Dokotala:
Funso lanu ndi lomveka bambo, koma sitinafike kumeneko. Dzino limazulidwa. Chikundidetsa nkhawa ndi ludzulo, pakuti kwa amphaka okalamba kumwa ndi kukodza kwambiri kawirikawiri ndi impso. Tiyambe tapima magazi ndi mkodzo tisanamukomole kuti tizule dzinolo, impso zofooka sizigwirizana ndi mankhwala ambiri. Achemwali, mubwere naye mawa m'mawa.

Mayi wa ku Petauke:
Usiku uno chitani izi. Kapenta wouma amamulasa m'nkhama, ndiponso mchere wachulukamo. Wiritsani kachifuwa ka nkhuku, popanda mchere kapena anyezi, musinje ndi msuzi wake. Mumupatse chili chofunda kuti fungo limukope, nkhalamba mphuno zimagontha. Mkaka ayi, amatsegula nawo m'mimba. Beseni la mchenga lochitiramo chimbudzi likhale lalifupi m'mbali, mafupa okalamba safuna zodumpha. Ndi kuzizira kwa Juni kuno, botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza limathandiza.
Koma chachikulu, kunyumba kwa agogo kulibe chitenje chawo chosachapa? Ine ndinasungapo wa amalume ena, ankagona pa chipewa chawo basi. Tsiku limene mwana wanga anachichapa, chona analira usiku wonse, ife tulo osatiwona.

Wa ku Kapata:
Ndathamangira kwa mdzukulu wawo ku Mchini, wandipatsa chitenje ndi kambale kamalata kamene amadyeramo. Nditayala m'katoni anafwenkha, anafwenkha, n'kuyamba kuponda ndi timiyendo takutsogolo. Wanyambita masipuni awiri, mbali imodzi ya kamwa yokha.

Mkulu wa ku Katete:
Chabwino, jakisoni uja ndabweza m'thumba. Zotsatira za magazi mutiuze.

Wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Agogo aimba kumene pa foni ya mwana wawo. Akuti dzina lake ndakhala ndikulitchula molakwika, ndiye chifukwa chake sanditembenukira.