Cape Town: akumanga nsanjika zitalizitali, nanga ogonamo ndi ndani?

Mmisiri_Philippi analemba:

Abale amene muli kuno ku Cape Town, makamaka inu odziwa za mapulani a nyumba, tandithandizani maganizo. Ine ndine wa pulasitala. Ndimakhala ku Philippi koma ntchito zambiri ndimazipeza cha ku Foreshore, Woodstock ndi Sea Point. Pa saiti pamene ndili panopa tikumanga nsanjika ya timafulati ting'onoting'ono: chipinda chimodzi, khitchini pakona pomwepo, ndi kabafa kopanda windo. Levulo yanga ya mamita awiri imakana kugona chopingasa m'kabafako, ndimachita kuipendeketsa. Folomani akuti mafulati ambiri anagulidwa kale denga lisanaikidwe, ndipo ogulawo sadzagonamo, akufuna azidzabwereketsa kwa alendo pa Airbnb.

Anthu oyandikana ndi saitiyi anakadandaula ku khonsolo. Akuti nyumbayi yatalika kwambiri, iwabisira Table Mountain, komanso magalasi ake sakugwirizana ndi nyumba zakale za mumsewumo. Eni ntchito akuti mzinda wopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja ulibe kothawira, uyenera kukulira m'mwamba, ndipo mafulati akachuluka lendi idzatsika. Mkangano wonse wathera pa kutalika ndi maonekedwe.

Chimene chikundivuta ine n'chakuti palibe amene akufunsa za munthu wodzagonamo. Ife omanga timadzuka kusanache kukadikira taxi, a ku Khayelitsha amayenda makilomita pafupifupi 30, ndipo chiyimireni sitima za Central Line mu 2019 ndalama ya thiransipoti inatidya kwa zaka. Chonsecho malo m'tauni alipo. Mlatho uja wa ku Foreshore unasiyidwa m'malere mu 1977, mpaka lero wangoti yembe m'mwamba, pansi pake anthu akuimikapo magalimoto. Ku District Six udzu wokhawokha pamalo oyenda wapansi mphindi zochepa kufika pakati pa tauni.

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Kodi kutalika kwa nyumba ndi vuto lenileni, kapena ndi phokoso chabe la anthu amene ali kale pabwino? Nanga n'zoona kuti nsanjika zikachuluka lendi imatsika? Ine m'maso mwangamu sindinazione.

Nachisale analemba:

Achimwene, mwakhudza pachilonda. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sea Point. Mafulati akale ambiri kuno ali ndi tizipinda ta antchito kuseri, pafupi ndi mabini. Kachipinda kake bedi likalowa chitseko sichitsegukanso chonse, ndipo malamulo ake ndi akuti mlendo ayi, mwana ayi. Tsopano ngakhale timeneto akumatikonza n'kutisandutsa ta alendo olipira pa tsiku.

Nkhani ya Tafelberg muifufuze, chifukwa ndi yankho la funso lanu loyamba. Ndi malo a boma pa Main Road pomwepa, panali sukulu imene inatsekedwa. Boma la Western Cape linagulitsa malowo pa R135 miliyoni kwa sukulu ina yoyima payokha. Amayi ogwira ntchito m'nyumba pamodzi ndi mabungwe omenyera ufulu wa nyumba a Reclaim the City ndi Ndifuna Ukwazi anakana, anati malo a boma ngati amenewa pamangidwe nyumba za lendi yotsika. Mu 2020 High Court inathetsa malondawo. Mu 2024 khoti la apilo linagamula mokomera boma, nkhani n'kupita ku Constitutional Court. Zaka zonsezi geti lili chitsekere.

Apa panalibe nkhani yobisa phiri. Nyumba zimene anthu ankapempha sizinali zoposa zimene zazungulira malowo. Koma mukanamva zonena za anthu ena pamisonkhano: misewu idzadzaza, umbava udzachuluka, mitengo ya nyumba zathu idzagwa. Anthu omwewo makiyi a nyumba zawo amasungitsa ife, ana awo timalera ndife. Masana ndife okhulupirika, usiku tikagona pafupi ndiye tasanduka akuba?

N'chifukwa chake mu 2017 anthu anatopa n'kulowa okha m'chipatala chakale cha Woodstock, chimene anachitcha Cissie Gool House, ndi m'nyumba ya manesi ya Helen Bowden pafupi ndi Waterfront, imene anaitcha Ahmed Kathrada House. Sindikunena kuti kulowa m'nyumba za boma ndi njira yabwino, moyo wake ndi wovuta, mabafa ndi ogawana. Koma mayi wa kumeneko amafika kuntchito osakwera taxi ziwiri.

Banda_wa_mapulani analemba:

Akulu a ku Philippi, ine ndimajambula mapulani mu ofesi ina kuno, ndiye ndiyankheko mbali ya kutalika. Zimene anena achemwali a Nachisale ndi zoona, koma musataye nkhani ya maonekedwe ngati kuti ndi ya olemera okha.

Choyamba, nsanjika yaitali siikhala yotsika mtengo. Mukangodutsa nsanjika zinayi pamafunika malifiti, masitepe othawira moto, mapampu okweza madzi, ndi jenereta yoti zonsezi ziziyenda magetsi akazima. Ku Foreshore kumawonjezeranso maziko. Dera lonselo linali nyanja, analikwirira m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 pomanga doko la Duncan Dock. Dzina loti Strand Street, kutanthauza msewu wa kugombe, likuchokera pakuti gombe linali cha pomwepo. Ndiye pomanga chachitali pamenepo muyenera kukhoma zipilala mpaka pathanthwe ndi kulimbana ndi madzi olowa pansi. Ndalama zonsezi amabweza ndi wogula. Nyumba yotsika mtengo pomanga ndi posamala ndi ya nsanjika zitatu kapena zinayi, yokwera ndi masitepe, zomangidwa mogundizana mumsewu. Zoterezi zimalowetsa anthu ambiri kuposa mmene timaganizira. District Six yakale inali yodzaza anthu popanda nsanja ngakhale imodzi.

Pa funso la lendi, yankho langa ndi lakuti imatsika pokhapokha ngati mafulatiwo akukhalamo anthu a mumzinda. Akakhala a alendo a masiku atatu ndiye kuti mwamanga hotela, simunawonjezere nyumba.

Chachiwiri ndi mphepo. Mwera wa kuno uja amautcha Cape Doctor ukamenya khoma lalitali losalala umatsikira pansi n'kuthamanga m'mbali mwake. Wovutika ndi woyenda pansi, osati wa pa nsanjika ya 20. Onjezani chizolowezi choika magalimoto pa nsanjika zoyambirira: mumsewu mumangoona khoma ndi geti la galaja, palibe shopu, palibe windo, palibe maso. Msewu wotero ukada umaopsa. Yerekezani Long Street, kumene makonde amatchinga dzuwa ndi mvula ndipo khomo lililonse lili ndi munthu, ndi misewu ikuluikulu ya ku Foreshore ikakwana 6 koloko madzulo. Ameneyo ndi mapulani, si ndale.

Ku Bo-Kaap nako, amene anatsekereza makina onyamulira katundu mu 2018 sanali mabwana. Ndi mabanja amene akhala pamenepo mibadwomibadwo, pafupi ndi mzikiti wa Auwal wa mu 1794. Nsanjika yodula ikamera pafupi, mtengo wa malo umakwera, msonkho wa khonsolo n'kukwera nawo, gogo wa penshoni n'kulephera kulipira nyumba imene anabadwiramo. Mu 2019 khonsolo inaika derali pansi pa chitetezo chapadera. Kumeneko kukana kutalika kunali kuteteza osauka.

Koma ndivomereze kuti lamulo loteteza zakale limaseweretsedwanso. Nyumba ikaposa zaka 60 simungaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo cha Heritage Western Cape. Ndiye ochenjera amasiya khoma lakutsogolo lokha, alichirikize ndi zitsulo, kuseri kwake agumule zonse n'kuimika magalasi. Inu omanga mwaziona zimenezi. Pa pepala mbiri yasungidwa, koma anthu amene ankakhalamo ali ku Delft, kutali ndi tauni.

Chikondi_Dunoon analemba:

Za mphepo musachite kunena a Banda. Ndinalonderapo pa nyumba ina cha ku Foreshore, mu Disembala ndinkaona azimayi akugwirira mapolo a magetsi kuti awoloke msewu. Chipewa changa cha yunifomu chinapita kudoko, ndipo anandidula pa malipiro.

Mmisiri_Philippi analemba:

A Banda, mwanditsegula mutu pa nkhani ya malifiti ndi maziko. Za Bo-Kaap ndamva, koma pamene ndili ine odandaula si agogo a penshoni ayi, ndi anthu a magalimoto awiriawiri. Mawu ndi amodzi, akuti tikuteteza maonekedwe a dera, koma pakamwa potulukira mawuwo ndi posiyana. Khonsolo imasiyanitsa bwanji?

Ndiwonjezepo chimene ife a manja timaona koma sichikambidwa pamisonkhano yawoyo. Mphepo ya kunyanja kuno ili ndi mchere. Zitsulo za m'konkire zikakhala pafupi kwambiri ndi kunja, mchere umalowa, chitsulo chichita dzimbiri n'kufufuma, konkire n'kung'ambika. Ndagwirapo ntchito yokonza makhonde a mafulati akale a m'mbali mwa nyanja: mukagogoda ndi hamala kunsi kwa silabu mumamva phophopho, mukatokosa pang'ono chibanthu chonse chimagwa, chitsulo chili psuu, china chatsala ngati waya. Timasema, kutsuka chitsulo ndi bulashi, kupaka mankhwala, n'kumata. Ntchito yake ndi yodula koopsa, ndipo amalipira ndi okhalamo. Ndiye ndikaona pa saiti zina anyamata akuthira konkire mothamanga, timiyala tokweza zitsulo tija tathyoka, zitsulo zagona pa shatala penipeni, pa matabwa oumbira konkire aja, ndimadziwa kuti nyumba yokongolayi ikubwera kudzalira. Oyandikana nawo akukangana za mtundu wa magalasi, za zimenezi ayi.

Kuti musati ndimadana ndi zatsopano, nkhokwe ija ya ku Waterfront imene anaisandutsa nyumba yoonetsera zaluso ya Zeitz MOCAA ndimaivulira chipewa. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1920 yosungira chimanga ndi tirigu, inasiya kugwira ntchito mu 2001, ndipo katswiri wa mapulani Thomas Heatherwick m'malo moigwetsa anaboola mkati mwa migolo yake ya konkire yokwana 42. Anatsegula mu 2017. Mukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba mumaona pamene macheka anadutsa, miyala ya m'konkire wakale ikuonekera yosalala bwino. Amene anadula pamenepo ndi amisiri enieni. Funso langa ndi lakuti, nzeru zoterezi bwanji zimangopezeka pomanga za alendo? Pamwamba pake pomwepo pali hotela imene usiku umodzi ndi malipiro anga a miyezi. Zipatala zakale ndi maofesi opanda anthu ali mbwee m'tauni muno, palibe wowajambulira pulani yabwino chomwecho kuti mukhale mabanja.

Malume_Mowbray analemba:

Mphwanga, ndakhalitsa mumzinda uno, ndiye ndikuuze za udzu wa ku District Six umene ukuuona ngati malo ongokhala. Malo aja ali ndi eni ake. Pa 11 February 1966 boma la tsankho linalengeza kuti derali ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 anasamutsidwira ku Cape Flats, kutali ndi tauni, nyumba zawo n'kugumulidwa, kungosiya matchalitchi ndi mizikiti. Makampani ambiri anaopa kumangapo chifukwa cha manyazi ndi mkwiyo wa anthu, kupatula sukulu ya ukachenjede imene lero ndi CPUT, yomwe inadya gawo lalikulu. Oyamba kubwerera analandira makiyi mu 2004, ndipo ambiri amwalira ali pamndandanda wodikira. Ndiye pamene paja tisapathamangire, akutsogolo alipo.

Ku River Club ku Observatory ndiye kunaonekera poyera mmene zinthu zimayendera. Malowo ndi dambo pamene mitsinje ya Liesbeek ndi Black imakumana, madzi amasefukira nthawi ya mvula, ndipo a Khoi, mtundu wa eni nthaka akale a kuno, amawalemekeza chifukwa cha mbiri yawo. Anafuna kumangapo maofesi a Amazon. Mu March 2022 Jaji Patricia Goliath anaimitsa ntchito, chaka chisanathe chiletso chinachotsedwa, ndipo a Khoi eni ake anagawanika, ena mbali iyi ena mbali iyo. Maofesi aja anamangidwa. Ntchito ya mabiliyoni inadutsa m'makhoti n'kutha, pamene mpikisano wa mapulani a mlatho wa ku Foreshore, umene unali ndi lonjezo la nyumba zotsika mtengo, unathetsedwa mu 2018 osaikapo njerwa.

Pa funso lako loti khonsolo imasiyanitsa bwanji: imamva amene walemba kalata. Pulani yofuna kupyola malire a kutalika imalengezedwa kuti anthu aperekepo maganizo, ndipo olemba amakhala eni nyumba ndi mabungwe awo, amene ali ndi maloya ndi nthawi. Wa lendi ndi wogwira ntchito m'deralo salemba, ena sadziwa n'komwe kuti kunali chidziwitso. Pamene osauka apambanapo ndi pamene anagwirizana n'kupeza owayimira. Mabanja a mu Bromwell Street ku Woodstock ankafuna kuwaponya kutali kunja kwa tauni nyumba zawo zitagulitsidwa, anakana, ndipo mu December 2024 Constitutional Court inalamula khonsolo kuti iwapezere pokhala mkati mwa tauni momwemo. Mlandu umenewo unayamba mu 2016.

A Banda, ku Conradie Park ku Pinelands, pamalo a chipatala chakale, amanga zofanana ndi zimene mukunenazo, nsanjika zochepa, za lendi yotsika zosakaniza ndi zogulitsa. Mukapeza mpata Loweruka mukaone, mudzatiuze ngati mapulani ake akukukhutiritsani. Mphwanga wa pulasitala apite nawo akagogode makhonde.